Mafunso anu pa zoyimbayimba: gulu la Yes ndi nyimbo zake zazitali

Makalata omwe tasankha mwezi uno onse akukhudza Yes, gulu lomwe lidayamba ku London mu 1968. Ndi amodzi mwa eniake a progressive rock, rock ya nyimbo zazitali zosintha mayendedwe pafupipafupi. Mafunso ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, mnzanga wakhala akundiumiriza kuti ndimvere Yes. Nyimbo yomwe wandipatsa, "Close to the Edge", ndi ya mphindi zoposa 18, ndipo ndisanafike pakati mutu udali utazungulira kale. Vuto ndi ine kapena nyimboyo?

Yankho: Vuto ndi mnzanuyo, wakuyambitsirani kumapeto. Bwererani ku The Yes Album ya 1971, chimbale choyamba chomwe Steve Howe adayimbamo gitala, mupeze "Starship Trooper". Gawo lake lomaliza ndi ma chord atatu okha, G, E flat ndi C, obwerezedwa kwa mphindi zingapo. Poti palibe china chikusintha, khutu limakhala ndi mpata woona momwe zida zikulowera chimodzichimodzi mpaka phokoso kudzaza. Mukakhuta imeneyo pitani pa Fragile, chotuluka kumapeto kwa chaka chomwecho, mumvere "Roundabout" ndi "Heart of the Sunrise". Apa mpomwe adakumana asanu omwe ambirife timawawerengera kuti ndiwo Yes yeniyeni: Jon Anderson pa mawu, Howe pa gitala, Chris Squire pa besi, Rick Wakeman pa makiyibodi ndi Bill Bruford pa ng'oma.

Tsopano bwererani kwa ija idakuzunguzani mutu, mutadziwa kuti ili ndi magawo anayi. Imayamba ndi mbalame ndi madzi, kenako chisokonezo cha pafupifupi mphindi zitatu, ndipo chisokonezocho nchadala. Chikangotha, gitala imayimba kanyimbo komveka bwino. Kagwireni kameneko, chifukwa kabweranso katavala zovala zina. Cha pa mphindi 8 ndi theka zonse zimakhala bata, ng'oma zimaleka, kumangotsala mawu oyankhizana. Cha pa mphindi 12 kumalowa limba la m'tchalitchi, lenileni la mipope, lomwe Wakeman adakajambulira ku St Giles-without-Cripplegate mu London momwemo. Kuchoka cha pa mphindi 14 zomwe mudamva poyamba zija zimabwerera, koma mothamanga.

Imvereni kanayi, ulendo uliwonse mukulondola chida chimodzi, ndipo muyambe ndi besi. Musamverere pa kasipika ka foni. Waya wotsikitsitsa wa besi amanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo kasipika kaja sikangatulutse mawu otsika chotero, choncho mumangomva theka la nyimbo. Mahedifoni ngakhale otchipa aliko bwino. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Funso: Ndimayimba besi. Ndayesa njira zonse koma sindikupeza kulira kwa Chris Squire, kuja kokhala ngati chitsulo chikukukuta. Ndikakweza treble kumangomveka phokoso la mawaya. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, mwafunafuna pa batani chinthu chomwe chimachokera malo anayi. Poyamba gitala. Squire ankayimba Rickenbacker ya mtundu wa 4001, yomwe mwachibadwa ili ndi mawu akuthwa. Chachiwiri mawaya. Ankagwiritsa ntchito a Rotosound okulungidwa ndi waya wozungulira, aja omveka mizeremizere mukayendetsapo chala, pomwe anzake ambiri nthawi imeneyo adali pa osalala. Mawayawa amalira mokoma akadali atsopano. Thukuta ndi litsiro zikalowa m'mizeremo kuwala kwa mawu kumatha m'masabata ochepa, ndipo palibe batani lomwe lingakubwezereni. Muziwapukuta mukatha kuyimba. Dziwaninso kuti amadya ma fret, tizitsulo ta pa khosi la gitala, msanga.

Chachitatu ndi dzanja. Ankamenya ndi piki, koma ataigwira mofupika kwambiri kotero kuti chala chachikulu chinkakhudza waya piki ikangodutsa. Yesani: siyani kansonga ka piki ka mamilimita awiri kapena atatu, mumenye molimba pakati pa ma pickup awiri, tizida totola kulira kwa mawaya.

Chachinayi, chomwe ambiri sachidziwa, ndi chakuti mawu ake ankawagawa pawiri. Otsika ankapita ku ampu ya besi ali oyera, okwera ankapita ku ampu ya gitala yomwe ankaikankha mpaka kusasa. Chifukwa chake nchosavuta. Mukasasitsa mawu onse pamodzi, otsika aja amaphwanyika ndipo besi imaonda. Mukawagawa, pansi pamakhala polimba pomwe pamwamba pakukukuta. Mungachite zomwezi ndi besi iliyonse pogwiritsa ntchito kabokosi kogawira chingwe chimodzi kukhala ziwiri. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Pa ampu ya gitala tsitsani batani la besi pafupifupi mpaka pansi, kupanda kutero mung'amba sipika, poti sidapangidwire kugwedezeka kotero. Ndipo mukayatsa maampu onse awiri n'kumva kuti besi yachepa m'malo mochuluka, ndiye kuti masipika akukankhana, ina ikupita kutsogolo pomwe inzake ikubwerera. Dinani batani la phase pa kabokosi kaja ngati lilipo.

Koma tikuuzeni zoona, zida ndi theka chabe. Squire sankakhala pa noti ya chord kudikira ng'oma. Ankayimba nyimbo yakeyake yoyenda mbali ndi ya Anderson, nthawi zambiri ali pamwamba pa khosi la gitala. Phunzirani mzere wa "Roundabout" pang'onopang'ono, ampu ili yozima, mpaka noti iliyonse izimveka yokha.

Funso: Mu "And You and I" muli mavayolini olira ngati akudwala, okoma koma onjenjemera. Pachikuto cha chimbale sipadalembedwe woyimba vayolini. Zimachokera kuti?

Yankho: Mayi, mwamva Mellotron, kiyibodi yopangidwa ku Birmingham. Ili ndi makiyi 35, ndipo pansi pa kiyi aliyense pali kachingwe ka tepi komwe padajambulidwa chida chenicheni chikuyimba noti imeneyo. Mukadina kiyi, kagudumu ka labala kamapanikiza tepi pa ndodo yachitsulo yomwe imazungulira nthawi zonse, ndipo tepiyo imadutsa pa mutu wowerenga mawu ngati wa m'wailesi ya kaseti. Tepiyo si yozungulira, ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo imatha pakadutsa masekondi 8. Mukachotsa chala kasipuling'i kamaibweza poyambira. Nchifukwa chake oyimba Mellotron sagwira chord nthawi yaitali, amasinthanitsa zala chimodzichimodzi kuti tepi ina izipuma ina ikulira. Mtundu wa M400 umakhala ndi mawu atatu oyalidwa mbali ndi mbali pa tepi iliyonse, kawirikawiri mavayolini, chitoliro ndi china, ndipo mumasankha potembenuza batani.

Kudwala mwamvako kumachokera ku mota. Matepi onse amakokedwa ndi ndodo imodzi ija, ndiye mukadina makiyi ambiri mota imalemedwa, liwiro limatsika, noti nazo zimatsika pang'ono. Magetsi akagwedera zimachitikanso. Chinyontho chimamatitsa matepi, ndipo kunyamulanyamula pa maulendo kumasokoneza mitu yowerenga ija. Oyimba ankachida chidachi pa siteji, komabe zolakwika zakezo ndizo zimachipatsa moyo. Tony Kaye, yemwe adali pa makiyibodi Wakeman asanabwere, adachoka mu 1971 mwa zina chifukwa sankafuna kusiya limba lake la Hammond ndi piyano kuti atengane ndi Mellotron ndi kiyibodi ina yotchedwa Moog.

Ngati mukufuna kutengera kuliraku pa kiyibodi yamakono, musaponde chopondera chotalikitsa mawu, musapyole noti zitatu, musagwire noti kupitirira masekondi 8, ndipo kukweza ndi kutsitsa kuchitike ndi phazi pa chopondera cha voliyumu.

Funso: Kudalibe kompyuta zojambulira nyimbo mu 1972. Adatha bwanji kuyimba mphindi 18 za "Close to the Edge" osalakwitsa?

Yankho: Sadayimbe ulendo umodzi. Ku situdiyo ya Advision, ali ndi katswiri wojambula Eddy Offord, ankakonza kachigawo kakafupi, kukajambula mpaka kakhale bwino, kenako n'kumakambirana chobwera pambuyo pake. Zidutswazo Offord ankazilumikiza ndi manja, monga momwe telala amalumikizira nsalu.

Ntchitoyo imayenda motere. M'masitudiyo tepi inkathamanga masentimita 38 pa sekondi, kutanthauza kuti theka la sekondi ndi tepi yotalika masentimita 19, yokwanira kuigwira bwinobwino. Wojambula amaimitsa makina, n'kumayendetsa tepi ndi manja uku ndi uku pa mutu wowerenga mpaka atamva pomwe ng'oma ikuyambira. Amaika chizindikiro ndi pensulo yamafuta, kugoneka tepi mu kachitsulo kokhala ndi ngalande, n'kudula ndi lezala mopendeketsa. Kudula mowongoka kumasiya ka "thi" komveka. Amadula ng'oma itatsala pang'ono kugunda, kuti kugundako kubise msoko. Zolakwika zimakhala zitatu kawirikawiri: zidutswa ziwiri kusiyana liwiro, zida kusuntha chuni pakati pa lero ndi mawa, kapena kudula mchira wa mawu omwe amazilala, chipinda n'kumveka ngati chasintha mwadzidzidzi. Ndipo lezala ilibe batani lobwezera.

Luso lomweli ndi lomwe lili koyambirira kwa "Roundabout". Mawu aja omakula kuchoka pa zii mpaka kuduka mwadzidzidzi ndi piyano yoseweredwa chobwerera. Noti ya piyano imayamba mwamphamvu n'kumazilala, ndiye mukatembenuza tepi imachita zosemphana. Kulira kwa belu kotsatira ndi Howe atangokhudza mawaya pamwamba pa fret 12 osawapanikiza.

Chimbale cha Close to the Edge chitatha, adayenera kuphunzira nyimbo yawo yomwe kuti akaiyimbe pa siteji kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bruford, yemwe kachitidwe kochedwaka kadamutopetsa, adapita ku gulu la King Crimson, ndipo Alan White, yemwe adalowa m'malo mwake pa ng'oma, adali ndi masiku ochepa chabe oti aloweze zonsezi ulendo wa ku America usanayambe.

Funso: Mu "Long Distance Runaround" ng'oma zimakhala ngati zasochera. Bruford adalakwitsa?

Yankho: Ayi. Gulu likuwerenga zinayizinayi, iye akumenya ng'oma ya snare pa kugunda kwachisanu kulikonse. Ombani m'manja pa 1, 6, 11 ndi 16 mnzanu akuwerenga 1 mpaka 4 mobwereza. Mukumananso pakatha kugunda 20.

Funso: Nchifukwa chiyani nyimbo zazitali za nthawi imeneyo zonse zimathera cha pa mphindi 20? Ndipo Tales from Topographic Oceans ndigule kapena ndisiye?

Yankho: Malire adaika ndi mbale ya galamafoni. Mbali imodzi, pa liwiro la 33 ndi kachigawo pa mphindi, imanyamula bwino mphindi 20 mpaka 22. Mukaonjezera, mizere iyenera kupanikizana, ndipo poti mawu otsika ndiwo amafuna mzere wotakata, wodula mbale amachepetsa besi ndi voliyumu. Palinso vuto la mkati. Kumphepete kwa mbale mzere umadutsa pansi pa singano pafupifupi masentimita 50 pa sekondi, koma pafupi ndi pakati umatsika kufika cha pa 20. Mawu omwewo amapanikizidwa pa malo ochepa, ndiye mathero aphokoso amamveka osasa, makamaka singano ikakhala yotha kapena yopendekeka. Mukamva zimenezi pa mbale yakale, yambani mwayang'ana singano musanadandaule za mbaleyo.

Tales, ya mu 1973, ndi mbale ziwiri, mbali zinayi, nyimbo imodzi mbali iliyonse. Idafika pa nambala 1 ku Britain, koma ife tikuti apa mbale ndiyo idalamula nyimbo. Pa Close to the Edge mfundo zidachuluka kuposa malo, pomwe pa Tales malo adachuluka kuposa mfundo, ndipo pena mumachita kumva kuti akukoka kuti afike kumapeto kwa mbali. Wakeman naye sadabise kuti sichidamusangalatse, ndipo adachoka mu 1974. Mbali yoyamba ndi yachinayi zili ndi zokoma zambiri. Gulani, koma mutayamba mwamva Relayer ya 1974, yomwe ili ndi Patrick Moraz pa makiyibodi, ndi "Awaken" ya pa Going for the One ya 1977, Wakeman atabwerera. Ngati mbale zakale zikukuvutani kupeza, woyimba wina, Steven Wilson, adasakanizanso mawu a zimbale zisanu za m'zaka zimenezi kuchokera pa matepi oyambirira, kuyamba ndi Close to the Edge mu 2013, ndipo besi ndi mawu oyankhira zimamveka padera bwino lomwe.

Funso: Bambo anga amakana kuti "Owner of a Lonely Heart" ndi ya Yes. Ndani akunena zoona?

Yankho: Mukunena zoona ndinu, koma musawaseke bambowo. Nyimboyi ili pa 90125 ya 1983, chimbale chomwe dzina lake ndi nambala yake ya m'kaundula wa kampani yojambula. Anderson, Squire, White ndi Kaye alimo, koma gitala ndi maziko a nyimbo zambiri ndi za Trevor Rabin wa ku Johannesburg, ndipo wojambulitsa adali Trevor Horn. Gululi lidayamba ntchitoyi likudzitcha Cinema, ndipo dzina la Yes lidabwerera Anderson atalowa chakumapeto. Ndi nyimbo yokhayo ya Yes yomwe idafika pa nambala 1 ku America. Apatseni bambo "Changes" ya pa chimbale chomwecho, awerenge kugunda kwa koyambirira kwake, aone ngati kukugawika zinayizinayi.