Zilumba za Bazaruto: nyanja ya kumeneko si ya ku Salima

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera pa imelo. Akuti amasirira zithunzi za ku Maldives, madzi obiriwira osazama ozinga tizilumba, koma thumba silikulola. Akufunsa ngati malo otere alipo kufupi kuno, komanso ngati munthu wozolowera kusambira ku Salima angavutike.

Alipo, amayi, kwa anansi athu ku Mozambique konkuno. Ndi zilumba za Bazaruto m'chigawo cha Inhambane: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kachilumba ka Bangué. Malowa ndi otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuyambira 2017 amathandiza kuwayang'anira ndi a African Parks, omwe aja a ku Majete ndi Liwonde. Musakagone pazilumbapo, mahotela ake amatchaja m'madola. Kagoneni m'tauni ya Vilankulo, m'mawa n'kukwera bwato la matanga kapena la injini, madzulo n'kubwerera.

Funso lanu lachiwiri ndiye lalikulu. Nyanja yathu mukaisiya pamwala madzulo, m'mawa mumaipeza pomwepo. Yamchere imakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndipo pa Vilankulo gombe ndi lathyathyathya, moti madzi akaphwera amathawira kutali zedi. Mabwato amatsala atapendekera pamchenga, amayi n'kulowa ndi mabeseni kukatola nkhono ndi nkhanu pamalo pomwe maola angapo apitawo mwana akanamira. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, kusinthaku kumanyanya. Ndiye woyendetsa bwato akati tinyamuke 7 koloko, musayambe zoti ndimwe kaye tiyi. Mukachedwa mudikira madzi abwerenso.

Kukongola kuja kumachokera pomwepa. Zilumba ndi matanthwe zimatchinga mafunde aakulu a Indian Ocean, ndiye kuseri kwake madzi amadekha pamwamba pa mchenga woyera. Koma m'mipata ya pakati pa zilumba, monga pakati pa Bazaruto ndi Benguerra, madzi akamatuluka amakoka ngati mtsinje wosefukira. Ngakhale mumasambira bwino, valani jekete yoyandamitsa popita ku matanthwe a m'madzi otchedwa Two Mile Reef kukaona nsomba. Pansi pali miyala yakuthwa ndi tinyama taminga, choncho nsapato zapulasitiki zisatsale. Matamanda amene ali mkati mwa chilumba cha Bazaruto, kuseri kwa mapiri a mchenga, ndi a madzi opanda mchere koma muli ng'ona. Ndi ongoyang'ana amenewo.

Ena amakanena zoti mukaona dugong, chinyama choyamwitsa chodya udzu wa pansi pa nyanja, chimene kum'mawa kwa Africa chatsala chochulukirapo kumeneku. N'chamanyazi kwambiri, ndiye ine sindingawonjezere ndalama chifukwa cha lonjezo limenelo.

Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya namondwe: Freddy uja, asanatipweteke kuno, anayamba wafikira pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale 2023. Pamsewu mudutsa Mwanza, Tete, Chimoio, Inchope, kenako kutsika ndi msewu wa EN1 kuwoloka mtsinje wa Save. Ndi mtunda wautali ndipo msewuwo m'malo ena ndi maenje okhaokha, choncho werengerani zogona panjira. Tengani pasipoti ndi ndalama za metikali zokwanira, ndipo musanalipire bwato funsani ngati chiphaso cholowera m'malo otetezedwawo chili kale mumtengomo.