Mafunso Anu: Magalasi a VR ndi makina a magemu

FUNSO: Ndili ndi malo osewererapo magemu ku Area 25, pomwe ndili ndi makina a PlayStation 4 atatu ndi PlayStation 5 imodzi. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi, ndipo wanena kuti angathe kundigulira magalasi a VR, aja munthu akavala amaona ngati walowa m'kati mwa gemu. Kodi ndimuuze kuti agule ati, nanga angandikokere makasitomala? Ndine wabizinesi, Area 25.

YANKHO: Achimwene, musanatumize uthenga kwa alamu anuwo, dziwani kuti kampani ya Sony inatulutsa magalasi amitundu iwiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi makina ake. Oyamba, otchedwa PlayStation VR, anatuluka mu Okutobala 2016 pa mtengo wa madola 399, ndipo anapangidwira PlayStation 4. Achiwiri, PlayStation VR2, anatuluka pa 22 Febuluwale 2023 pa madola 549, kutanthauza kuti pa nthawiyo anali odula kuposa PlayStation 5 yeniyeniyo, ngakhale kuti mu Malichi 2025 mtengowo unatsitsidwa kufika pa madola 399. Achiwiriwa sagwira ntchito pa PlayStation 4 ngakhale pang'ono, komanso magemu amene anapangidwira magalasi akale aja sasewereka pa atsopanowa. Choncho alamu anu akakubweretserani atsopano, makina anu atatu aja sadzapindula nawo kanthu.

Magalasi akalewo masiku ano amapezeka kwambiri m'manja mwa anthu amene anawagwiritsapo kale ntchito, ndipo apa ndi pamene ambiri amalirira. Chovala kumasocho pachokha sichikwanira: pamafunika kabokosi kolumikizira mawaya, kamera ya PlayStation imene imatsatira nyali za pa magalasiwo, ndipo magemu ena amafunanso timitengo tiwiri togwira m'manja totchedwa Move. Wogulitsa akangosowetsa chimodzi mwa zimenezi, mwagula chokongoletsera pa shelefu. Atsopanowa vuto limeneli alibe, chifukwa amalumikizidwa ndi waya umodzi wokha, makamera ali pa magalasi pomwepo, ndipo zogwirira m'manja zimabwera m'bokosi lomwelo.

Tsopano tibwere pa nkhani ya makasitomala, imene ine ndikuiona kuti ndi yaikulu kuposa ya mtengo. Aliyense amene anaimapo pa khomo la malo ngati anuwo, kaya ku Area 25, ku Kawale kapena ku Biwi, amadziwa kuti chimene chimadzaza benchi ndi gemu ya mpira, ija anyamata amangoitchabe FIFA ngakhale kuti dzina linasintha mu 2023 n'kukhala EA Sports FC. Gemu imeneyi sinapangidwe kuti munthu alowe m'bwalo ndi magalasi. Kukoma kwake ndi kwakuti anthu awiri amapikisana, anzawo khumi akuonerera ndi kunyogodola wogonja, ndipo wogonjayo amalipiranso kuti abwezere. Magalasi amavalidwa ndi munthu mmodzi, ndipo ngakhale oonerera amaona pa TV zimene iye akuona, palibe mpikisano umene ungamubweretsenso mawa. Sabata yoyamba anthu adzabwera mwaunyinji kudzalawa zachilendo; funso ndi lakuti mwezi wachitatu adzatsala angati.

Ganiziraninso malo. Magemu amene munthu amasewera akuyendayenda amafuna bwalo la mamita awiri m'litali ndi awiri m'lifupi lopanda chilichonse, pomwe oseweredwa chokhala kapena choimirira amafuna mita imodzi mbali zonse. M'chipinda cha lendi, malo a mamita awiri amenewo ndi pamene mukanaika TV ina ndi benchi lake. Magemu ambiri a magalasiwa amagulidwa ndi kukopedwa pa intaneti, ndipo ena ndi aakulu moti Gran Turismo 7, ya mpikisano wa magalimoto, imadya malo opitirira magigabaiti 100. Werengerani nokha mabando. Palinso ukhondo, popeza chinthu chimodzi chidzakhala chikukhudza nkhope za anthu makumi angapo pa tsiku. Amene akukumbukira matenda ofiiritsa maso amene anavuta m'dziko muno mu 2024 amvetsa chifukwa chake muyenera kupukuta mphira wa kumaso munthu aliyense akavula.

Maganizo anga ndi akuti, ngati ndalamazo n'zoyembekezera phindu, muwapemphe alamu anuwo akubweretsereni PlayStation 5 yachiwiri ndi mapadi, zija zogwira m'manja posewera, chifukwa zimenezi zidzayamba kubweza tsiku lomwelo. Koma ngati mtima wakana ndithu, gulani PlayStation VR2, muike mpando umodzi wokhazikika pakona, muyambe ndi gemu ya magalimoto ija imene munthu amasewera atakhala pansi, ndipo muzilipiritsa pa mphindi zowerengeka, mtengo wake wosiyana ndi wa mpira. Magalasiwo musawasiye pa windo, chifukwa dzuwa likalowa m'magalasimo limawotcha sikirini ya m'kati monga momwe galasi lokulitsira zinthu limawotchera pepala.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 9 anavala magalasi amenewa kwa mnzake, ndipo anabwera kunyumba akudandaula chizungulire ndi nseru mpaka anakana nsima. Kodi zinthuzi zimaononga maso kapena ubongo? Ndine mayi wodandaula, Kawale.

YANKHO: Mayi, zimene zinamuchitikira mwanayo n'zofanana ndi zimene zimachitikira munthu amene akuwerenga pa foni m'minibasi yothamanga pa msewu wa ku Salima. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamauza ubongo ngati thupi likuyenda kapena laima. Munthu akavala magalasiwa, maso amanena kuti akuthamanga kapena akugwa kuchokera pamwamba, pomwe khutu likunena kuti wangokhala pa mpando, ndipo kusagwirizana kumeneku ndi kumene kumabweretsa chizungulire, thukuta ndi nseru. Kawirikawiri zimatha zokha munthu akavula n'kupuma, ndipo zimachitikira akuluakulu omwe.

Komabe msinkhu wa mwana wanuyo sunafike. A Sony amanena poyera kuti magalasi awo asavalidwe ndi ana osakwana zaka 12, ndipo a Meta, amene amapanga magalasi a Quest, amalola kuyambira zaka 10 pokhapokha kholo likuyang'anira akaunti ya mwanayo. Chifukwa china n'chakuti zipangizozi zinayezedwa pa mutu wa munthu wamkulu, ndipo mpata wa pakati pa maso a mwana ndi wochepa, moti chithunzi sichikhala bwino ndipo maso amatopa msanga. China n'chakuti wovala saona tebulo, mbaula kapena khoma limene lili patsogolo pake. Kambiranani mwaulemu ndi makolo a mnzakeyo kuti asamamuveke. Ngati mutu kapena kuona zinthu ziwiriziwiri kukupitirira mpaka tsiku lotsatira, pitani naye kuchipatala akamuyeze maso.

FUNSO: Ine ndili ndi Xbox. Kodi magalasi ake ndi ati? Ndine wophunzira, Area 47.

YANKHO: Palibe. Kampani ya Microsoft sinatulutsepo magalasi a VR olumikiza ku Xbox, ndipo a PlayStation sangagwire pa makina anuwo, choncho wina akakuuzani mumsika kuti ali nawo, ndalama zanu zikhale m'thumba. A Nintendo anayesapo mu 1995 ndi Virtual Boy, imene inkaonetsa zithunzi zofiira ndi zakuda zokha ndipo inalephera pa msika, kenako mu 2019 anatulutsa magalasi a katoni oikamo makina awo a magemu otchedwa Switch. Ngati mukufunitsitsa kulawa, yang'anani Meta Quest 3S, imene inatuluka mu Okutobala 2024 pa madola 299. Imeneyi sifuna makina ena alionse chifukwa kompyuta yake ili m'kati momwemo, ndipo batire lake limakhala pafupifupi maola awiri ndi theka, zomwe zingakuthandizeni madzulo amene magetsi azima.