Kwa achimwene a ku Ulongwe, ku Mozambique, amene mlongo wawo akudikira kutha kwa dziko

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mlongo wanu walowa m'gulu la mneneri wina amene watchula tsiku loti dziko litha, wagulitsa kale chimanga cha m'nkhokwe, ana awiri wawasiyitsa sukulu, ndipo mukamuimbira akukutchulani kuti ndinu a mdima. Mukufunsa ngati mungomusiya kuti tsikulo likadutsa adzachangamuke yekha. Chonde musamusiye.

Kulalikira za kubweranso kwa Ambuye si kumene kwandiopsa ayi. Akatolika a ku Lifidzi amakhulupirira zimenezo, a Reformed kwanu ku Ulongwe chimodzimodzi, koma Lolemba likakwana onse amanyamula makasu kukapalira. Chandiopsa ndi tsiku lotchulidwalo pamodzi ndi nkhokwe yopanda kanthuyo. Mateyu 24:36 akunena poyera kuti tsikulo palibe alidziwa, ngakhale angelo. Ndiye munthu akabwera nalo tsikulo m'thumba, n'kuuza anthu kuti agulitse katundu ndalama abweretse kwa iye, dzifunseni kuti iyeyo ndalamazo akazigwiritsa ntchito dziko liti.

Mumve zimene zinachitika ku Kanungu, ku Uganda. Gulu la Joseph Kibwetere ndi Credonia Mwerinde linkaphunzitsa kuti dziko litha chaka cha 1999 chikamatha. Anthu anagulitsa minda ndi ziweto n'kupereka zonse kwa atsogoleri. Chaka cha 2000 chinalowa, dzuwa linatuluka monga mwa masiku onse, ena anayamba kufunsa za chuma chawo. Pa 17 Malichi 2000 anthu mazanamazana anawatsekera m'nyumba yopemphereramo n'kuyatsa moto, kenaka apolisi anapeza mitembo ina yokwiriridwa m'malo ena a gululo. Onse pamodzi anapitirira 700. Taonani bwino apa, achimwene: anthuwo sanafe tsiku la ulosi lisanafike, anafa litadutsa, mneneri atasowa chowayankha. N'chifukwa chake mawu akuti adzachangamuka yekha sindikuwavomera.

Za ku Shakahola ku Kenya mu 2023 ambiri tinaziona pa foni. Paul Mackenzie anayamba ndi kuphunzitsa kuti sukulu ndi chipatala n'za Satana, mapeto ake anauza anthu asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu, ndipo oyamba kusalitsidwa anali ana. Mitembo yofukulidwa m'nkhalangomo inaposa 400. Ana a mlongo wanu asiya kale sukulu, ndiye poyambira paja mwapaona.

Ine izi zinatigwerapo pakhomo. Azakhali anga kufupi ndi Domwe anagulitsa mbuzi zitatu, ngakhale malata amene anali atasunga kuseri kwa nyumba kuti adzafolere. Usiku wa tsiku lolonjezedwa anakwera phiri atavala zoyera, opanda nsapato, m'nyengo yozizira ija ya kwathu kuno imene ngakhale galu safuna kuchoka pamoto. Kutacha anatsika milomo itauma, maso ali pansi. Anyamata pa msika anawaseka, ena kuwafunsa ngati kumwamba kwadzaza. Mnzawo wina amene achibale ake anamunyoza kwambiri sanapirire manyaziwo, anatsatira mneneri uja kutsidya la malire, mpaka lero sitidziwa kumene ali. Azakhali anabwerera chifukwa cha agogo. Miyezi yonse ija agogo ankapita Loweruka lililonse ndi kadengu ka ufa ndi nyemba, kukhala pakhonde, kufunsa za nkhuku ndi za mwendo wawo wopweteka uja, osatsutsana nawo za Chivumbulutso ngakhale kamodzi. Tsiku la manyazi litafika, azakhali ankadziwa khomo limene angalowe popanda kufunsidwa mafunso.

Magulu oterewa amayamba n'kudula munthu kwa abale ake, kuti akadzakayika asowe kothawira. Mukamukalipira mlongo wanu, mukumuthandiza mneneriyo ntchito, chifukwa anamuuza kale kuti a kwanu adzakuda. Pitani nokha, osati pa foni. Ndalama musamupatse, zikathera kuguwa. Gulani chimanga musunge kwanu, muzimutengera pang'onopang'ono chogaya kale. Mufunseni modekha zinthu zing'onozing'ono: ndalama za chimanga zija akusunga ndani, mneneriyo munda wake wagulitsa kodi, nanga ana ake akupita kusukulu? Musakakamize yankho, mafunsowo agone nawo. Ngati iyeyo kapena mwana amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, onetsetsani ndi maso anu kuti sanasiye.

Koma pa ana pokha musanyengerere. Inu ndinu malume awo, mwini mbumba, ndipo pa Chichewa chathu muli ndi mawu pa iwo. Khalani pansi ndi akuluakulu a banja komanso amfumu sabata ino, anawo abwerere kusukulu, ngati n'kotheka azigona kwanu mpaka tsikulo lidutse ndi masabata angapo pambuyo pake. Mukangomva zoti gulu likusamukira kuphiri kapena kutchire, kapena ana ayamba kusalitsidwa chakudya, pitani kupolisi tsiku lomwelo, muimbenso 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança, bungwe lothandiza ana amene ali pa mavuto. Ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira ulosiwo, mukhale muli pakhomo pake inuyo, mneneri asanafike ndi tsiku lina latsopano.