Za Julián Castro: anachoka bwanji pa umeya n'kukathera pa kanema?

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti a Julián Castro, amene ankayembekezeka kudzakhala pulezidenti woyamba wa America wa mtundu wa Latino, akathere pothirira ndemanga pa kanema wa MSNBC. Vuto lalikulu ndi Texas, kwawo komweko.

A Castro analowa khonsolo ya mzinda wa San Antonio ku Texas mu 2001 ali ndi zaka 26. Mu 2005 anagwa pa mpando wa meya, n'kudzaupeza mu 2009. Koma dziwani kuti kumeneko meya alibe mphamvu zambiri. Bajeti ndi ogwira ntchito amayendetsa ndi manejala wa mzinda, ndipo nthawi imeneyo malipiro a meya sankafika madola 5,000 pachaka. Chimene anachita chooneka ndi Pre-K 4 SA mu 2012: anapempha ovota kuti msonkho wa zogula ukwere ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a senti pa dola, kuti ana a zaka zinayi aziphunzira. Anthu anavomera. Chaka chomwecho anayankhula mawu otsogolera pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Charlotte, dzina n'kumveka dziko lonse.

Nanga akanalowera kuti? Munthu wotere amafuna ugavanala kapena useneta, koma chipani chawo sichinapambanepo mpando wa Texas yonse chichokere 1994. N'chifukwa chake anavomera unduna wa nyumba kwa a Obama mu 2014. Undunawu suwonjezera ovota, ndipo mu 2016 anapezeka kuti anaphwanya lamulo la Hatch Act, loletsa ogwira ntchito m'boma kuchita ndale za chipani ali pantchito, poyamikira a Hillary Clinton, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, pofunsidwa mafunso ngati nduna.

Mu 2019 anayesa upulezidenti. Chinawagwetsa ndi malamulo a mitsutso ya ofuna kuimira chipani chawo: kuti ulowe mtsutso wa Novembala unkafunika opereka ndalama 165,000 komanso kuchita bwino pa kafukufuku wa maganizo a anthu. Pa kafukufukupo anaperewera. Mawu amene anawaponyera a Biden mu Seputembala, owafunsa ngati aiwala zomwe anali atangonena kumene, anakwiyitsanso ambiri m'chipanimo. Pa 2 Januwale 2020 anasiya mpikisanowo, ndipo patapita masiku ochepa anayamba kuthandiza a Elizabeth Warren, amene ankapikisana nawo.

Ku NBC ndi MSNBC analowa mu 2021, ndipo mu 2024 anayamba kutsogolera bungwe la Latino Community Foundation ku California. Musawasokoneze ndi a Joaquin, amene ali ku Congress, nyumba ya malamulo ya America. Awiriwa ndi mapasa.