Kontena ya kaunjika pa Beira mu February

Achimwene, mabelo a kaunjika mukuitanitsawo musawadutsitse pa doko la Beira mwezi wa February, chonde. Mzinda uja unamangidwa pa dambo pomwe Pungwe amathira m'nyanja, ndipo madera ena ndi otsika moti nyanja ikakwera imawaposa. Mvula ikagwa nthawi yomwe nyanja yakwera, zitseko za mtsinje wa Chiveve zimakhala zotseka kuti madzi amchere asalowe m'tauni, ndiye madzi amvula amasowa kotulukira. Ku Munhava, pafupi ndi doko pomwepo, amangoti ndundundu.

Kumbukirani namondwe wa Idai, usiku wa pa 14 March 2019. Madenga a nyumba zosungiramo katundu anasasuka, magetsi ndi netiweki zii, msewu waukulu wotuluka mu Beira wa EN6 unaduka cha ku Nhamatanda, mathiraki obwera kuno ku Dedza kudzera ku Tete ndi Calomue anangoima. Kontena ikakhala pansi m'madzi ofika m'mawondo, madziwo amalowera pachitseko pomwe labala yatha, matabwa apansi amamwa madzi, kenako dzuwa likawomba mkati mumachita thukuta, madontho n'kumagwa kuchokera kudenga. Mukadzatsegula kuno, fungo lokhalo mumadziwiratu. Mabelo apansi akuda bii ndi nkhungu, majini omatana, mazipi adzimbiri, ngakhale pa msika wa Lizulu palibe angagule.

Chowawa kwambiri ndi maejenti ena otulutsa katundu padoko. Ndalama amalandira zonse, kontena n'kukayiponya pa yadi yotchipa ya m'chithaphwi, zikavuta foni sayankha. Masiku aulere omwe eni zombo amapereka akatha, demurrage, ndalama yolipira chifukwa chochedwetsa kontena, imawerengedwa tsiku lililonse, m'madola, ndipo amalipira ndinu osati iwo. Anthu opanda chisoni, mpamba wa munthu wa ngongole!

Njira ina ndi doko la Nacala, lomwe ndi lakuya mwachilengedwe, pomwe la Beira amachita kulikumba matope kuti zombo zilowe. Komabe mathiraki obwerera kuno amapezeka msanga ku Beira, ndiye ngati katundu wanyamuka kale, dutsani pomwepo basi. Mapepala onse afike kwa ejenti chombo chisanakocheze, thiraki mulipiriretu. Uzani ejentiyo akutumizireni chithunzi cha pomwe kontena yakhala, nambala ndi seal (chidindo chotsekera chitseko) zikuoneka, ikhale pamwamba pa inzake, osati pansi. Inshuwaransi ya katundu tengani ya Clause A, yoteteza ku ngozi pafupifupi zonse, chifukwa ya Clause C, yoteteza ku ngozi zochepa chabe, silipira madzi akalowa mu kontena.