Fodya ndi korona kwa bambo amene anapuma usilikali

Achimwene, mwafunsa ngati fodya amene bambo anu akusuta ndi woopsa akadwala korona. Inde, angawaike pachiswe, ngakhale anali msilikali wadzitho. Mu 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti osuta amadwalika kwambiri ndi matendawa. Utsi umafooketsa mapapo ndi mtima, ndipo korona imafikira pomwepo. Kuwonjezera ukalamba, zimavuta.

Amalume anga anazolowera chingambwe ali kukampu, chopichira m'pepala la nyuzi. Atadwala ankachita befu pongopita kubafa, mpaka anawaika pa oksijeni. Anachira, koma kachitunda kopita kumsika sakwera mpaka lero.

Bambo anuwo musawakalipire, msilikali salamulidwa ndi mwana. Anyengerereni akayezetse mapapo, shuga ndi BP, afunsenso adokotala za katemera ndi njira yosiyira fodya. Akayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, musadikire kuti kuche.