Kodi Zamoyo Zimasanduka Kapena Zimasinthika?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pasukulu ina ya sekondale ku Ntcheu. Pofuna kuti ana amvetse evolution ndi natural selection, ndimawauza kuti ndi "kusanduka kwa zamoyo" ndi "kusankha kwa chilengedwe". Mnzanga akuti ndizingonena kuti "ivolushoni". Akulondola ndani?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo mumuuze kuti kulemba mawu achingerezi m'zilembo zathu si kumasulira, ndipo mwana amene waloweza "ivolushoni" ngati chinkhwe sanamve kanthu. Koma nanunso ndili nanu mlandu pa mawu akuti kusanduka.

Agogo anga ankati akatiuza nthano za mfiti yosanduka fisi, tonse tinkamva kuti munthu mmodzi yemweyo, usiku umodzi womwewo, wasiya thupi lina ndi kutenga lina. Ndiwo mtima wa mneni ameneyu, ndipo ine sindikayika kuti kachidutswa ka -uk- kali mkatimo ndi komwe kali mu kutembenuka ndi kugubuduka, kosonyeza chinthu chimodzi chimene chazondoka mwadzidzidzi. Mbozi imasanduka gulugufe, mbululu imasanduka chule, ndipo pamenepo mawuwa ali pamalo pake. Tsono mukauza ana kuti zamoyo zimasanduka, amaona m'maganizo mwawo nyani wina akudzuka m'mawa ali munthu, ndipo amaseka, monga tinasekera ife tili pasukulu. Charles Darwin, wasayansi wa ku England amene anatchukitsa chiphunzitsochi, sananene zimenezo m'buku lake la 1859. Iye ankanena kuti ana amabadwa osiyana pang'ono ndi makolo awo, ndipo kusiyanako kukamaunjikana kwa mibadwo yosawerengeka, mtundu wonse umakhala wina, pomwe palibe chamoyo chimodzi chimene chasiya thupi lake.

Mawu oyenera ndi kusinthika, ndipo dzina lake ndi chisinthiko. Kukoma kwake kuli pa -ik-, kachidutswa komwe timamva mu kusweka ndi kupindika. Tikati mbiya yaswedwa timafunsa amene waiswa, koma tikati yasweka timangonena zimene zachitika osaloza munthu chala. Nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zilipo mitundu mazanamazana, ina yodya ndere za pamiyala, ina yodya tizilombo, zinasinthika kuchokera kwa makolo ofanana, sizinasanduke.

Pa "kusankha kwa chilengedwe" ndikhala wofatsa, chifukwa vuto lake linayambira kwa mwini wake. Darwin anabwereka mawuwa kwa oweta nkhunda ndi ziweto zina, amene amasankha zoti ziberekane, monga mmene amayi kumudzi amapatulira ngala zazikulu za chimanga kuti zikhale mbewu. Komatu amayiwo ali ndi maso ndi cholinga, pomwe chilala, njala ndi matenda zilibe. Onjezani kuti chilengedwe chimachokera ku kulenga, ndiye kuti m'mawu awiri okhawo mwalowa wosankha ndi wolenga, ndipo mkangano wa kutchalitchi wabwera m'kalasi musanauitane.

Ine ndikanakonda titati kupeta kwa chilengedwe. Chimanga chikakhala m'lichero, mphepo siganiza za gaga. Chopepuka chimauluka, cholemera chimatsala. Ena amati kusefa, koma sefa ndi mlendo wobwera ndi masitolo, pomwe lichero ndi lathu. Yesani mawuwa pa nkhani ya malungo. Klorokwini ankapha tizilombo tambiri ta malungo, koma tochepa tolimbana naye tinkatsala ndi kuberekana mpaka tinachuluka, ndipo mu 1993 dziko la Malawi linasiya mankhwalawo ndi kutenga Fansidar. Patatha zaka pafupifupi 12, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti klorokwini wayambanso kuchiza, chifukwa mankhwalawo atachoka, tizilombo tolimbana naye tija tinagonja kwa tinzake. Apa ndi pamene ndimakwiya ndi omasulira mawu a Herbert Spencer, wolemba mabuku wa m'nthawi ya Darwin, akuti survival of the fittest, kuti "amphamvu ndiwo amapulumuka". Tizilomboto sitinali ndi mphamvu kuposa tinzake. Tinkangoyenerana ndi nyengo ya klorokwini, ndipo mphepo itatembenuka tinasanduka gaga. Mwaona, apa ndagwiritsa ntchito kusanduka mophiphiritsa, ndipo ndili ndi ufulu wotero.

Ndikudziwa kuti kupeta kwangaku sikulowa m'mabuku msanga, choncho "kusankha kwa chilengedwe" ndikulekerani, malinga ngati muwauza anawo kuti wosankhayo alibe maso. Koma kusanduka kuchotseni pabolodi mawa lomwe, mulembepo chisinthiko, ndipo mukapeza mpata mubwere ndi lichero m'kalasi.